Chaka Chimene Ndinaleka Kuthira Mchere

Taimani kaye, inu ana. Iwe Chisomo, ndimu limenelo si mpira, tola ubwere nalo kuno. Mwadya mpunga wanga, mwakhuta, ndiye mwaona kuti chatsala n'kumenya mandimu anga ndi mapazi? Khalani pansi apa pamthunzi. Nawenso Tadala, foniyo siithawa, sendera kuno. Mtengo uwu mukuuona ngati mtengo wamba chifukwa munaupeza uli chiimire. Simudziwa kuti nkhani yake inatsala pang'ono kundithetsera ukwati, ine ndili ndi imvi kale. Agogo anu aamuna awo akusinza pakhondewo musawadzutse. Akadzuka ayamba kunditsutsa, ndipo nkhaniyi siitha.

Kale mandimu sitinkawawerengera. Ankangogwa n'kuwolera pansi, ngakhale mbuzi inkangonunkhiza n'kudutsa. Ntchito yake inali kuchotsa fungo la nsomba m'manja ndi kuwalitsa mapoto. Tili atsikana tinkapakanso m'khwapa tikamapita kukavina chiwoda. Mukuseka chiyani? Perefyumu wathu anali ameneyo, ndipo amuna tinawapeza. Mwera ukayamba kuwomba, mphuno zonse m'mudzi zikuchucha, amayi anga ankawiritsa masamba ake, kufinyiramo ndimu, n'kutipatsa m'chikho. Tinkamwa titatsinzina. Chimfine chinkatha ndithu, kaya ndi mandimuwo kaya chinkangotopa chokha, ine sindidziwa. Inu lero mukamva ludzu mumathamangira mafulizesi, lilime kufiira ngati mwadya nyama yaiwisi, kenako muzidabwa kuti mukutsokomola chaka chonse.

Tsono ine ndinakwatiwa ndi munthu wa mchere. Agogo anuwa ali mnyamata ankavina malipenga, atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, ndipo ine ndinapusitsidwa ndi masokosiwo. Za mchere ndinazidziwa titalowa m'banja. Munthu ameneyu ankathira mchere asanalawe n'komwe. Pa mango mchere, pa chinangwa chootcha mchere, ngakhale nsomba yokhala kale ndi mchere ankaiwonjezera. Akamapita panyanja ankatenga wina m'kapepala n'kuika m'thumba la malaya. Kwa zaka zonsezo ine ndinkangothira, chifukwa mwamuna akamayamikira ndiwo zako, ukufunanso chiyani?

Ndinakwatiwanso ndi alongo awo, ngakhale palibe anandiuza. Agogo anu a Nambewe, a kutsidya kwa dambo aja, ndiwo akulu. Anawabereka kumbuyo agogo anuwa ali khanda, ndipo sanawatsitse mpaka lero. Tsiku limene agogo anu aamunawa anabwera kudzakhala chikamwini kuno kwathu kwa Mwadzama, a Nambewe analira ngati mlongo wawo wakwera sitima yopita kutali, chonsecho mudzi wawo mukuuona uko. Akabwera kudzacheza, asanandipatse moni ankayamba ayang'ana khosi la mchimwene wawo, kuona ngati ndikumudyetsa.

Chaka chimene ndikunenacho tinali titakula kale, mayi ako iwe Tadala atakwatiwa. Inali nyengo yomweta mpunga. Agogo anu anayamba kudandaula mutu, wa kunkhongo kuno. Akanyamula mtolo umodzi ankakhala pansi n'kumapuma ngati athamanga. Kenako mapazi anatupa, nsapato za kutchalitchi zinakana. Iwo ankati ndi kutopa chabe. Ine ndinachita mantha, sindikubisirani. Ndinaitana kabaza, n'kuwauza kuti akapanda kukwera ndikuwa mpaka mudzi wonse ubwere. Anakwera.

Kuchipatala tinapeza nesi, mtsikana wamng'ono koma wa pakamwa polimba. Anawamanga chinsalu chija pamkono, chinafufuma, iye n'kuyang'ana, n'kumanganso kachiwiri.

"Agogo, BP yanu yakwera kwambiri," anatero. "Mtima ukugwira ntchito yoposa mphamvu zake. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina mudzangogwa. Mapiritsi awa muzimwa tsiku lililonse. Ndipo mchere muusiye."

"Mpaka liti, mwana wanga?" anafunsa agogo anu.

"Mpaka kalekale."

Ndinawaona akufota pampando pomwepo. Nkhani ya kugwa sinawaopse, koma iyi ya mchere. Nesi uja anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ndiwo zikakhala zosakolera, muzifinyiramo ndimu. Lilime limanamizika, limaiwala kuti mchere mulibe. Malalanje ndi manachesi azidyanso, amathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Koma mundimvetse, ndimu si mankhwala a BP. Mapiritsi asalumphe. Ndipo akamamwa madzi a mandimu musadzazemo shuga, mungachotse vuto lina n'kuitana lina."

Pobwerera, tisanafike n'komwe pamsewu, agogo anu anandigwira dzanja.

"Mayi a Lusiya, zimenezi zithere pompano. Munthu asamve."

"Chifukwa chiyani? Matenda ndi umbava?"

"Ine ndapalasa bwato pa mwera anzanga akulira amayi awo. Lero anthu amve kuti ndikuopa mchere? Ku bawo ndikakhala bwanji? Lonjezani."

Ndinalonjeza. Munthu anali wodwala, nkhope yagwa, ndikanatani?

Vuto linali lakuti pakhomo pano panalibe mtengo wa mandimu. Umene unalipo anaudula okha agogo anuwa pomanga khitchini, akuti ukungotaya malo. M'mudzi monse mtengo wobereka bwino unali kwa a Bwanali. Inu simunawaone, anatisiya. Anali telala wakale, akazi awo atamwalira, m'kamwa mutatsala mano owerengeka, msana utapindika chifukwa cha makina osokera. Mtengo wawo anautchinga ndi minga poopa ana. Kuti upeze ndimu unkayenera kuodira, kukhala pamkeka, n'kumva nkhani ya mmene anayendera pa sitima ali mnyamata, kuyambira pokwera mpaka potsika. Ukawadula pakati ankayambiranso pokwera.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkasamba, kuvala chitenje chabwino, chifukwa kwa eni ake supita ngati ukuchokera kudimba, n'kupita kwa a Bwanali. Ndinkakhalako nthawi ndithu, n'kutuluka nditamanga kanthu kunsonga ya chitenje. Ine mtima uli mbee. Sindinadziwe kuti pachitsime anthu ayamba kuwerenga maulendo anga.

Kuphika ndinaphika, ana inu. Usipa wa tomato ndi anyezi, kufinyiramo ndimu pomaliza, fungo lake mpaka kumsewu. Agogo anu ankatema kondowole, kusunsa, n'kutafuna ngati munthu amene akudya pamaliro a mnzake.

"Ndiwozi zili bwino," ankatero, "koma zilibe mwini wake."

Patapita masiku anayamba chikondi chachilendo ndi alongo awo. Masana aliwonse, "Ndikawaone achemwali." Munthu wotupa mapazi, kuwoloka dambo dzuwa lili pamutu. Pobwera nkhope ili ngwee, n'kufikira kumtsuko, kumwa madzi ngati ng'ombe. Ine ndinkati matenda awakumbutsa abale. Kumeneko n'kuti akudya utaka wa mchere wochita kuluma lilime. Ndipo anali ndi nzeru zawozawo. Popita ankaba ndimu limodzi m'lichero, pobwera ankaliyamwa m'njira. Ati popeza ndimu limatsuka poto, litsukanso mchere m'magazi asanafike kunyumba. Masiku ena ankalumphanso mapiritsi, ati ndimu lagwira kale ntchito. Mapazi m'malo mophwa anapitiriza kutupa, ndipo anayamba kutsokomola. Ine tulo tinatha, ndikudzifunsa kuti ndikulakwitsa pati.

Apa mumvetsetse, chifukwa inu a masiku ano mchere mumangouona ngati mchere. Kwa ife unali ndi malamulo ake. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankaitana mwana kuti athire. Ndipo mkazi amene wayenda njira zosayenera, wapita kumbali, mukundimva akuluakulunu, akathira mchere ankati amudula mwamuna wake. Matenda ake ankawatcha tsempho. Zizindikiro zake? Kutupa mapazi, kutsokomola, kubanika. Iwe Chisomo usandifunse kuti kumbali n'kuti, ukadzakula udzamva.

Tsono agogo anu, pofuna kuti alongo awo aziwapatsa ndiwo, ankangoti, "Kwathu masiku ano sathira mchere." Chifukwa chake osanena. A Nambewe anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza. Mlamu wawo za kumwezi anasiya kalekale, koma mchere sakuthira. M'mawa uliwonse akusamba n'kupita kwa mwamuna wopanda mkazi. Mchimwene wawo mapazi atupa, akutsokomola. Anapeza yankho loti ndinamudula kale, ndipo tsopano ndikuopa kumumaliza.

Tsiku lina ndikuphika ndinangoona a Nambewe alowa m'khitchini osaodira. Anavundukula poto, kuviika chala, kulawa.

"Alamu, mchere unatha m'nyumba muno?"

"Ulipo."

"Nanga dzanja lanu likuopa chiyani?"

Ndinakumbukira lonjezo lija. Ndinangoti, "Afunseni achimwene anu."

"Ndamva," anatero, n'kutuluka. Anapita molunjika kwa ankhoswe.

Mlandu unakhala pabwalo pompano, pansi pa mango uyo, dzuwa likuswa mtengo. Kumbali yanga kunali achimwene anga, amene anali ankhoswe anga. Anthu amene sanaitanidwe ndiwo anachuluka. Azimayi ena anabwera ndi malichero, ati akudzapetera mpunga pamthunzi wathu, ngati kwawo kulibe mitengo. A Bwanali nawo anaitanidwa. Anafika atavala mkanjo woyera wa pa Idi ndi kofia yatsopano, akununkhira mafuta, ndodo m'manja.

A Nambewe anayala nkhani yonse, mchere, chitenje chabwino, mapazi. Ine ndinamva thupi lonse kutentha. Mayi wa ana akuluakulu, wa zidzukulu, wa mvano kutchalitchi, kunenedwa za chibwenzi pamaso pa ana amene ndinawaona akubadwa. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira.

Achimwene anga anafunsa a Bwanali kuti anenepo. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza kofia.

"Wallahi, ndikulumbira, mayi awa kwanga amadzatenga mandimu basi," anatero. "Koma ndithokoze a Nambewe. Chimwalirireni mkazi wanga, palibe munthu anandiganizirapo zoterezi. Ndimayesa anthu anandiiwala."

Anthu anagwa nacho chiseko, malichero kutayika. A Nambewe okha sanaseke.

"Sekani," anatero, "koma mwana wa mayi anga akufa. Taonani mapaziwo. Ine ndikumutenga lero, akafere kwawo ngati n'kufa."

Apo chiseko chinatha, chifukwa mayi uja ankalira zenizeni. Anamasula kansalu, m'kati muli mankhwala a tsempho amene anakatenga kwa asing'anga, mizu yosinja yosakaniza ndi mchere wodzaza dzanja. Mankhwala ake amatero, wodwala amanyambita. Anawatambasulira mchimwene wawo.

"Nyambitani, achimwene, tizipita."

Nthawi yonseyi agogo anu ankangojambula pansi ndi kamtengo. Ine ndinawayang'ana. Ndinadziwa kuti akawoloka dambo lija, kumeneko kukakhala mchere m'mawa ndi madzulo, mapiritsi atsala kuno, ndipo ndidzawaonanso atagona m'bokosi. Dzina langa linali litaipa kale, koma chimene chinandigwira pamtima chinali chimenecho. Ndikanatha kuthamangira m'nyumba n'kutulutsa mapiritsi aja. Koma ndinapsa mtima. Ndinati munthu uyu ali ndi pakamwa pake.

"Bambo a Lusiya," ndinatero, "ine ndinalonjeza, ndipo sindinena kanthu. Ngati mukuona kuti ndinakudulani, nyambitani."

Ana inu, munthu uja anauyang'ana mcherewo. Musaganize kuti ankaganiza za ine. Ndinaona ndi maso angawa akumeza malovu. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono. Kenako analibweza, n'kuligwiritsa bondo, n'kuimirira movutika.

"Achemwali, bwezani zimenezo," anatero. "Ine ndili ndi BP. Kuchipatala anandiletsa mchere, ndipo ndinawauza mayi awa kuti asauze munthu. Mandimu amakatengera ine. Mapaziwa akutupa ndi utaka wa kwanu uja."

Anthu onse anatembenukira kwa a Nambewe.

"Wa kwathu?" anafunsa a Nambewe, mawu atachepa.

"Wa kwanu. Inu simunadziwe, wolakwa ndine." Kenako anandiloza. "Mkazi uyu akanakhala kuti watopa nane, sakanavutika n'kupita kwa a Bwanali. Akanangothira mchere mmene ndimaufunira, ine n'kumamuyamikira mpaka kumanda."

M'banja lathu lonse munthu ameneyu sanandiuzepo mawu okoma, ngakhale tsiku la ukwati. Anadikira mpaka pamlandu wa chigololo. Ine misozi inangotsika, ndipo ndinakwiya nayo, chifukwa ndinkafuna anthu aone kuti ndakwiya.

A Nambewe anayang'ana mchere uli m'manja mwawo, n'kuutaya kutali ngati wawaotcha. Kupepesa ndi pakamwa sanapepese, mtundu wawo sudziwa zimenezo. M'mawa mwake ndinangopeza dengu la malalanje pakhomo. Tsiku la sikelo ya agogo anu anatiperekeza kuchipatala, kukamufunsa nesi uja maso ndi maso. Nesi atamva za ndimu lotsuka magazi m'njira, anagwira kumutu, n'kuwakalipira agogo anu ngati mwana wa sukulu, alongo awo akuvomereza mawu aliwonse.

Kuyambira pamenepo a Nambewe anasanduka wapolisi woposa ine. Analengeza kutchalitchi, pachitsime, ngakhale kwa ogulitsa chinangwa chokazinga pamsika, kuti aliyense wopatsa mchimwene wawo mchere adzaonana nawo. Pamaliro agogo anu ankapatsidwa mbale yawoyawo, ndimu lili pambali. Chinsinsi chija chinafika mpaka kutali uko kwa Kanyenda. Ku bawo kumene ankaopa kuja, anapeza kuti anzawo angapo akumwa mapiritsi omwewo, aliyense akubisira mnzake. Mwezi usanathe nsapato za kutchalitchi zinalowa.

Tsiku lina ndinaona agogo anu akubwera ndi kambande m'kathumba kakuda. Anakumba dzenje pano pamene mwakhalapa, kuthira manyowa, kutchinga ndi minga.

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mandimu. Kwa a Bwanali n'kutali."

"Kutali? Kuseri kwa mpanda uwu?"

"N'kutali, mayi a Lusiya. Ndipo kofia ija sindinaikonde."

Nsanje, ana inu, pa ukalamba. Popeza mtengo subereka chaka chomwecho, anati kwa a Bwanali azipita okha. M'mawa uliwonse ankakhala pamkeka paja n'kukwera sitima kuyambira pokwera mpaka potsika. Mapeto ake anagwirizana, moti a Bwanali atamwalira agogo anu analira kuposa abale. Nthawi ya korona ija, anthu atapenga ndi mandimu, mtengo uwu unadyetsa mudzi wonse. Agogo anu ankagawa okha, aliyense akumuuza kuti, "Ndimu si mankhwala, ukadwala upite kuchipatala," ngati nzeruzo anabadwa nazo.

Musaganize kuti anasintha mtima. Mpaka lero ndikawapatsa ndiwo amayamba ayang'ana uku ndi uku, ngati mwina ndaiwala n'kusiya mchere pafupi. Dzulo lomweli ananong'oneza iwe Tadala kuti uwabweretsere tchipisi cha pamsika, ndinamva, makutu anga sanakalambe. Ukayerekeza, udzakwera basi yobwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Tsopano dzukani. Chisomo, ndimu lako lija ulitsuke, uthyolenso ena awiri akupsa, usagwedeze nthambi. Chambo chili pamoto, ndipo agogo anu akadzuka afunsa ngati lero ndawakhululukira. Amafunsa tsiku lililonse. Tsiku limene mudzandione ndikuthira mchere wodzaza dzanja m'ndiwo zawo, mudzadziwe kuti ndatopa nawo. Lero ayi. Ndipatseni mpeni.